Ntchito ya care ku England: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza m'magulu a pa WhatsApp, pocheza tikaweruka kutchalitchi, ndiponso m'mafoni ochokera kumudzi. Mayankho ake akunena za ku England, chifukwa Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo pankhani yosamalira anthu. Malamulo a viza okha ndi amene ali ofanana mu UK monse, ndipo amasinthasintha. Musanasaine pepala lililonse, onani pa GOV.UK, tsamba la boma la UK la pa intaneti, ngati lamulo lomwe tatchula silinasinthe.

Kodi social care n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi ntchito ya m'chipatala?

Chipatala chimachiza matenda. Social care imathandiza munthu amene ukalamba, ulumali kapena matenda okhalitsa amulanda mphamvu yodzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku: kudzuka, kusamba, kuvala, kudya, kumwa mankhwala, kupita kuchimbudzi, kutuluka panja kukaona anthu. Kwathu ntchito imeneyi imagwiridwa ndi achibale, monga amachitira gadiyani amene amagona pansi pambali pa bedi la wodwala ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Ku England ntchito yomweyo ili ndi malipiro, malamulo, maphunziro ndi oyiyendera.

Chithandizo cha NHS, yomwe ndi zipatala za boma ku UK, ndi chaulere, koma social care si yaulere. Pansi pa lamulo la Care Act 2014, khonsolo imaunika zosowa za munthu, kenako imaunika chuma chake. Amene ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha. Ambiri mwa olemba ntchito si boma, ndi makampani ndi mabungwe achifundo amene amalandira ndalama kuchokera kukhonsolo kapena kwa eni ake osamalidwawo. Zimenezi n'zofunika kuzidziwa, chifukwa carer (wosamalira anthu) wa ku kampani salandira malipiro ndi penshoni zofanana ndi za mnzake wa mu NHS.

Ntchito zake ndi ziti?

Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni amagwira ntchito yosamalira akuluakulu ku England, malinga ndi bungwe la Skills for Care, ndipo mipata yopanda anthu yakhala ikuposa 100,000 chaka ndi chaka. Ambiri ndi ma care worker, ena m'nyumba zosungiramo okalamba, ena oyenda khomo ndi khomo, ntchito yomwe amaitcha domiciliary care. Nursing home ndi nyumba yomwe mumakhalanso anamwino usana ndi usiku. Live-in carer amakhala m'nyumba mwa munthu mmodzi kwa masabata angapo, n'kukapuma, n'kubwereranso.

Support worker nthawi zambiri amathandiza anthu ovutika kuphunzira zinthu, a autism (vuto lobadwa nalo lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) kapena a matenda a maganizo. Ntchito yake yaikulu si kusambitsa ayi, ndi kuyenda naye munthu kukagula zinthu, kumuthandiza kuphika, kusunga ndalama ndi kukwera basi. Personal assistant amalembedwa ndi wolumala mwini wake, pogwiritsa ntchito ndalama zomwe khonsolo imamupatsa mwachindunji. Palinso okonza masewera ndi zosangalatsa m'nyumba za okalamba, ophika, okonza ndandanda wa ma shifiti muofesi, ma senior carer ndi mamanijala. Nyumba zosamalira ana ndi mbali ina, ndipo zimayenderedwa ndi bungwe la Ofsted, osati CQC (Care Quality Commission), bungwe loyendera ntchito yosamalira akuluakulu.

Tsiku la carer woyenda m'makomo limayenda bwanji?

Tinene za ulendo woyamba wa m'mawa, cha m'ma 7 koloko, kunja kukadali mdima m'nyengo yozizira. Pakhoma pali kabokosi ka makiyi kokhala ndi manambala achinsinsi. Mwatsegula, mwagogoda ngakhale kiyi muli naye, mwatchula dzina lanu musanalowe kuchipinda. Mwasindikiza pa foni kuti mwafika. Mayi wa zaka 80 ndi kanthu, amene anadwala sitiroko, ali pabedi. Mwavala magolovesi ndi epuloni, mwamufunsa ngati akufuna kusamba thupi lonse kapena kungopukutidwa. Pomusambitsa maso anu ali pakhungu: kodi pa chidendene kapena kumunsi kwa msana pafiira? Ngati pafiira, chilonda cha pabedi chayandikira, ndipo muyenera kulemba ndi kudziwitsa ofesi lero lomwe. Mwamuveka, mwamukhazika pampando, mwamupatsa mankhwala n'kusaina pa MAR chart (pepala lolembapo mankhwala omwe wamwa), mwamupangira tiyi momwe iye amamukondera. Mwalemba zonse zomwe wadya ndi kumwa. Zonsezi m'mphindi 30 kapena 45, kenako mwathamangira khomo lina.

Masana mumabwereranso kukapereka chakudya, madzulo kukamugoneka. Pakati pa maulendowa pamakhala maola ongokhala, ndipo nkhani ya maola amenewo taifotokoza pa funso la malipiro.

Kodi si ntchito yongopukuta nkhalamba?

Funso limeneli limafunsidwa monyoza, ndipo ena amabisa kwawo ntchito yomwe amagwira chifukwa cha mawu otere. Inde, kusintha thewera la munthu wamkulu ndi mbali ya ntchitoyi, ndipo amene sangathe kuchita zimenezo mwaulemu asayambe n'komwe. Koma carer ndiye amayamba kuona kuti bambo amene dzulo ankacheza bwinobwino lero akulankhula zosokonekera, n'kuganiza za matenda a m'chikhodzodzo dokotala asanabwere. Ndiye amadziwa kuti mayi wa dementia (matenda a ubongo oiwalitsa zinthu) akukana chakudya chifukwa mano oikirira akumupweteka. Ndiye amakhala pambali pa bedi usiku womaliza pamene ana a munthuyo akadali pamsewu. Imeneyi ndi ntchito yaluso, ndipo kuchepa kwa malipiro ake ndi mlandu wa momwe dziko limaperekera ndalama, osati wa ogwira ntchitoyo.

Pamafunika maphunziro anji kuti ndiyambe?

Kuti muyambe ngati care worker, lamulo silifuna satifiketi iliyonse. Olemba ntchito amayang'ana khalidwe lanu, Chingerezi chokwanira kulankhula ndi kulemba malipoti, makalata okuchitirani umboni, ndi DBS. Mukalembedwa mumachita Care Certificate, yomwe inayamba mu 2015 kutsatira kafukufuku wa Camilla Cavendish wa 2013. Inali ndi mitu 15, ndipo mu 2025 anawonjezera wa 16 wokhudza autism ndi kuvutika kuphunzira. Muli zaulemu wa munthu, kusunga chinsinsi, kupewa kufalitsa matenda, chakudya ndi madzi, kuteteza anthu ku nkhanza, ndi chithandizo choyamba. Nthawi zambiri imatha m'masabata 12 oyambirira.

Care Certificate amakupatsani abwana anu atakuonani mukugwira ntchito. Pepala logula pa intaneti muli ku Lilongwe likhoza kukuphunzitsani zina, koma silikupatsani mwayi wa viza, ndipo mukadzalembedwa adzakuunikanibe. Muphunzitsidwanso kunyamula ndi kusuntha munthu pogwiritsa ntchito hoist. Musalole kukweza munthu pa makina amenewo musanaphunzitsidwe, ngakhale atakuuzani kuti antchito achepa.

DBS n'chiyani?

Ndi kufufuza mbiri yanu ya milandu komwe kumachitidwa ndi Disclosure and Barring Service. Kwa carer amachita mtundu wa enhanced, n'kuonanso ngati dzina lanu lili pamndandanda wa anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi akuluakulu osatetezeka. Abwana ndi amene amatumiza pempholo. Ngati mwakhala kunja kwa UK, adzafunanso kalata ya apolisi ya dziko lomwe munkakhala. Mlandu wakale sikuti nthawi zonse umatseka chitseko, koma kuubisa kumatseka.

Malipiro ake ndi otani?

Ma carer ambiri amalandira pang'ono chabe pamwamba pa malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo. Kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo, malipiro amenewo anali £11.44 pa ola kuyambira Epulo 2024, £12.21 kuyambira Epulo 2025, ndi £12.71 kuyambira Epulo 2026. Kwa amene ali pa viza ya care, kuyambira Epulo 2025 anaika malire a £25,000 pachaka kapena £12.82 pa ola.

Ndalama zimenezi zikasinthidwa kukhala makwacha zimaoneka ngati phiri, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amakanganirana. Pa £25,000, akachotsa msonkho, National Insurance ndi penshoni, m'thumba mumalowa pakati pa £1,700 ndi £1,800 pamwezi. Pamenepo muchotsepo lendi, council tax (msonkho wa kukhonsolo), magetsi ndi gasi, mayendedwe ndi chakudya. Zotsala zilipo, koma si zomangira nyumba miyezi isanu ndi umodzi. Boma lalonjeza mgwirizano wa malipiro a gawo lonse la care, womwe akuutcha Fair Pay Agreement, ndipo lati woyamba udzayamba mu 2028.

Kodi amalipira nthawi yoyenda pakati pa makomo? Nanga kugona kuntchito?

Nthawi yoyenda kuchoka kwa munthu mmodzi kupita kwa wina imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito poona ngati mwalandira malipiro otsikitsitsa. Ulendo wochoka kwanu m'mawa ndi wobwerera kwanu usiku sawerengedwa. Makampani ambiri amalipira mphindi zomwe muli m'nyumba zokha. Zimenezo n'zololedwa pokhapokha ngati, mutaphatikiza maola oyenda, malipiro anu pa ola sakutsika pansi pa malire a lamulo. Choncho sungani kabuku kanu: nthawi yofika, nthawi yochoka, mtunda. Pakabuka mkangano, kabukuko ndi kamene kamakulankhulirani ku ACAS (bungwe lothandiza pa mikangano ya pantchito) kapena ku HMRC (bungwe la misonkho).

Kugona kuntchito kuli mitundu iwiri. Pa waking night mumakhala maso usiku wonse ndipo ola lililonse limalipidwa. Pa sleep-in mumapatsidwa pogona n'kudzutsidwa pakafunika. Mu Malichi 2021 khothi lalikulu la Supreme Court, pa mlandu wa Mencap ndi Tomlinson-Blake, linagamula kuti maola omwe muli m'tulo safunika kulipidwa malipiro otsikitsitsa, koma okhawo amene mwadzuka n'kugwira ntchito. N'chifukwa chake ambiri amapereka ndalama imodzi ya usiku wonse. Funsani kuchuluka kwake musanavomere. Tchuthi cholipidwa ndi masabata 5.6 pachaka, ngakhale kwa amene ali pa kontirakiti ya zero hours (yopanda maola otsimikizika), mogwirizana ndi maola omwe agwira.

Ndili ku Malawi. Kodi ndingapeze viza ya care?

Ayi. Kuyambira pa 22 Julayi 2025, makampani saloledwanso kuitana care worker kapena senior care worker kuchokera kunja kwa UK. Khomo limeneli linatsegulidwa mu Febuluwale 2022 pamene antchito anasowa kwambiri mliri wa Covid-19 utadutsa, ndipo anthu zikwizikwi analowa kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe, Ghana ndi mayiko ena. Mu Malichi 2024 anayamba kulitseka pang'onopang'ono, ndipo mu 2025 analitsekeratu.

Tikudziwa kuti yankho limeneli ndi lowawa kwa munthu amene wakhala akusunga ndalama ndi kupemphera za ulendowu. Koma kuli bwino kulimva kuno kusiyana ndi kulimva mutagulitsa kale puloti. Anamwino ndi ma social worker ali ndi njira yawo, onani mafunso awo m'munsimu.

Wina akuti ali ndi CoS ndipo akufuna ndalama. Ndipereke?

Musapereke ngakhale tambala. CoS, kapena kuti Certificate of Sponsorship, si pepala logulitsa. Ndi nambala yomwe kampani yokhala ndi laisensi ya Home Office (unduna woona za maviza ku UK) imapereka kwa munthu amene yamulemba ntchito yeniyeni, ndipo mtengo wake amalipira ndi kampaniyo. Kuyambira kumapeto kwa 2024, kampani yomwe ibweza mtengo umenewo kwa wantchito ikhoza kulandidwa laisensi. Lamulo la Employment Agencies Act 1973 limaletsanso ma ejenti a ku Britain kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito.

M'zaka zomwe khomo linali lotsegula, anthu anatenga katapila, ena anagulitsa nyumba, n'kupereka mapaundi zikwizikwi kwa madobadoba. Atafika anapeza kuti kampaniyo ilibe anthu owasamalira, ilibe maola, nthawi zina ilibe ndi ofesi yomwe. Boma la UK linalengeza kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'gawo la care, ndipo antchito oposa 39,000 anali olumikizidwa ndi makampani amenewo. Chopweteka n'chakuti nthawi zambiri wotenga ndalamayo sakhala mlendo: amakhala wa mtundu wanu, wolankhula chilankhulo chanu, mwina wopemphera naye limodzi. Lero, pamene njirayo yatsekedwa, aliyense wolonjeza CoS ya care kwa munthu amene ali ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe akunama basi. Enanso amati bwerani pa viza yoyendera, zina tidzakonza mukafika. Viza yoyendera siyilola kugwira ntchito, ndipo simungaisinthe kukhala ya ntchito muli m'dzikomo.

Ndili kale ku UK pa viza ina. Kodi ndingagwire ntchito ya care?

Zimadalira viza yanu. Wophunzira digiri nthawi zambiri amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ikatsegulidwa, ndipo malirewo ndi a sabata iliyonse payokha. Simungagwire 30 sabata ino n'kunena kuti mudzagwira 10 sabata yamawa. Amene ali pa Graduate visa, kapena amene anabwera motsatira mwamuna kapena mkazi wawo, angagwire popanda CoS.

Kusintha kupita pa viza ya care muli m'dzikomo n'kololedwa mpaka pa 22 Julayi 2028, bola mwagwira kale ntchito movomerezeka kwa miyezi itatu pa kampani yomwe ikufuna kukupatsani CoS. Amene ali kale pa viza ya care angawonjezere nthawi kapena kusintha abwana m'nyengo yomweyo. Ku England kampaniyo iyenera kukhala yolembetsedwa ku CQC.

Abwana sakundipatsa maola, kapena alandidwa laisensi. Nditani?

Choyamba, sungani umboni: kontirakiti, CoS, ma payslip, mauthenga a pa foni, malisiti a ndalama zomwe munapereka. Laisensi ikalandidwa, Home Office imakulemberani kalata yofupikitsa viza yanu, ndipo nthawi zambiri mumapatsidwa masiku 60 oti mupeze sponsor wina, ndiye kuti kampani ina yokupatsani CoS. Onetsetsani kuti imelo ndi adiresi zomwe ali nazo ndi zolondola, chifukwa masikuwo amayamba kuwerengedwa ngakhale kalatayo musanaione. Boma linakhazikitsa magulu m'zigawo zonse za England othandiza ma carer otere kupeza abwana atsopano, ndipo khonsolo ya dera lanu ingakulozereni.

Ngati akusungirani pasipoti, akukuopsezani kuti akubwezani kwanu mukadandaula, kapena akukudulani ndalama za ngongole yomwe siitha, zimenezo zikhoza kukhala ukapolo wamakono pamaso pa lamulo. Bungwe la Unseen lili ndi nambala yaulere yothandiza anthu otere, ndipo mungaimbe osatchula dzina. Citizens Advice ndi Work Rights Centre amapereka uphungu waulere. Lowaninso mu yuniyoni monga Unison kapena GMB mavuto asanayambe, chifukwa nthawi zambiri sathandiza mokwanira pa mlandu womwe unayamba musanalowe.

Kodi ndingabweretse banja langa?

Amene analowa pa viza ya care kuyambira pa 11 Malichi 2024 saloledwa kubweretsa mwamuna, mkazi kapena ana. Amene anali kale panjirayi tsikulo lisanafike akhoza kukhalabe ndi mabanja awo, ngakhale atasintha abwana. Pankhani ya chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, lamulo lakhala lodikira zaka zisanu, koma mu Novembala 2025 boma linapereka maganizo otalikitsa nthawiyo kufika zaka 10 kwa ambiri ndi 15 kwa ogwira ntchito ngati ya care. Musanapange mapulani a ana, funsani mlangizi wa zolowa m'dziko wovomerezeka.

Kodi ntchitoyi ili ndi tsogolo, kapena ndidzakhala carer mpaka kalekale?

Makwerero alipo, ndipo ambiri mwa mamanijala a nyumba za okalamba anayambira pansi. Mukatha Care Certificate pali Level 2, kenako Level 3 Diploma in Adult Care, yomwe imatsegula udindo wa senior carer kapena team leader: kuyang'anira shifiti, kupereka mankhwala, kulemba ma care plan (ndondomeko ya chisamaliro cha munthu aliyense), kulankhula ndi madokotala ndi achibale. Pamwamba pake pali deputy manager, kenako registered manager, amene dzina lake limalembetsedwa ku CQC ndipo amayankha pamaso pa lamulo pa zonse zochitika m'nyumbamo. Udindo umenewo umafuna Level 5 Diploma ya utsogoleri. Ena amapatukira ku uphunzitsi wa antchito anzawo, ena kuofesi yokonza ma rota, ena ku unamwino kapena ku occupational therapy (kuthandiza munthu kuti azitha kudzichitira zinthu), yomwe imafuna digiri ndi kulembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira akatswiri otere.

Cholakwika chomwe timachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amathera zaka zonse akuthamangitsa ma shifiti owonjezera, usiku ndi Lamlungu lomwe, kuti atumize ndalama kumudzi, ndipo pakatha zaka zisanu alibe pepala lililonse. Zifukwa zake n'zomveka, pakuti fizi ndi feteleza sizidikira. Koma msana wa munthu sunyamula anthu mpaka kalekale. Madipuloma amenewa amachitidwa muli pantchito, woyesa amabwera kudzakuonani, ndipo makampani ambiri amalipira okha. Pa intavyu funsani ngati amalipira Level 3. Kampani yomwe siyankha bwino funso limenelo yakuuzani kale momwe imaonera antchito ake. Onaninso lipoti lake pa tsamba la CQC, pomwe amaika chizindikiro cha Outstanding, Good, Requires improvement kapena Inadequate.

Social worker ndi care worker n'chimodzimodzi?

Ayi. Dzina la social worker ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo kudzitchula nalo popanda kulembetsa ku Social Work England, bungwe lomwe linayamba ntchito mu Disembala 2019, ndi mlandu. Pamafunika digiri yovomerezeka ya zaka zitatu, kapena masters ya zaka ziwiri, yokhala ndi masiku 200 ophunzira ntchito yeniyeni. Social worker amaunika zosowa za munthu, amakonza chithandizo, amafufuza nkhanza, ndipo pankhani za ana amakaima m'khothi. Pali njira ya degree apprenticeship yomwe makhonsolo amapereka kwa antchito awo, komanso Step Up to Social Work ya amene ali kale ndi digiri ina.

Amene anaphunzira social work ku Malawi angapemphe kulembetsa ngati wochokera kunja. Bungwelo limaunika zomwe munaphunzira, masiku a pulakitiko ndi Chingerezi chanu, ndipo likhoza kukuuzani kuti muwonjezere zina.

Ndine namwino ku Malawi. Njira yanga ndi yotani?

Anamwino akadali pa Health and Care Worker visa, ndipo nursing home zimawalemba. Muyenera kulembetsa ku Nursing and Midwifery Council: mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, ndi mayeso ochita ndi manja otchedwa OSCE omwe amalembedwa ku UK. Dziwani kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pamndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Makampani ndi ma ejenti a ku UK saloledwa kusaka antchito m'mayiko amenewa. Inuyo panokha mungafunsire ntchito yolengezedwa, mwachindunji kwa olemba ntchito. Ejenti amene wabwera kudzakusakani akuphwanya kale ndondomeko imeneyo.

Munthu akakana kusamba kapena kumwa mankhwala, ndimukakamize?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri ochokera kwathu amapunthwa ndi mtima wabwino. Tinazolowera kuti wodwala amamvera womusamalira, ndipo agogo akakana phala timawanyengerera mpaka kuwamwetsa. Lamulo la Mental Capacity Act 2005 limati munthu aliyense aziyesedwa wotha kusankha yekha pokhapokha zitatsimikizika kuti sangathe, ndipo kusankha mopanda nzeru si umboni woti sangathe. Bambo wa shuga akafuna bisiketi, mungamukumbutse za shuga wake, koma bisiketiyo ndi yake. Akakana mankhwala, mumalemba kuti wakana n'kudziwitsa wamkulu wanu. Kubisa piritsi m'phala popanda chilolezo cholembedwa cha dokotala ndi wa mankhwala kungakuchotsetseni ntchito.

Kwa munthu wa dementia, kukana kumakhala ndi chifukwa: madzi akuzizira, akuchita manyazi, kapena sakukudziwani ndipo akuona mlendo akumuvula. Chokanipo pang'ono, mubwererenso pakapita mphindi khumi, muyambe ndi manja ndi nkhope, thaulo lili pamapewa. Nthawi zambiri zimatheka. Pakaitanidwe, kwathu kutchula munthu wamkulu dzina lake loyamba n'chipongwe, koma kuno ambiri amafuna zomwezo. Mufunseni mwini wake. Mphatso za ndalama musalandire, ndipo khadi lake la kubanki musaligwire popanda chilolezo cholembedwa mu care plan.

Ndikaona mnzanga akuchitira nkhanza wosamalidwa, ndinene? Nanga wosamalidwa akandinyoza chifukwa cha khungu langa?

Nenani tsiku lomwelo kwa manijala, ndipo lembani zomwe mwaona ndi maso anu, nthawi yake ndi mawu omwe ananenedwa. Manijala akapanda kuchitapo kanthu, pitani ku safeguarding team ya khonsolo kapena ku CQC. Lamulo la Public Interest Disclosure Act 1998 limateteza wantchito woulula zotere. Nkhanza za ku Winterbourne View, chipatala cha anthu ovutika kuphunzira zinthu, zomwe BBC inaonetsa mu 2011, zinapitirira nthawi yaitali chifukwa madandaulo oyamba sanamveredwe. Kukhala chete chifukwa wolakwayo ndi mnzanu wa kumudzi kumakusandutsani mbali ya mlanduwo.

Tsankho lilipo. Nthawi zina limachokera kwa munthu amene dementia yamuchotsera mabuleki a pakamwa, nthawi zina kwa achibale ake amene ali bwinobwino. Ngakhale chifukwa chake chikhale matenda, mawuwo amapweteka, ndipo si udindo wanu kuwameza mwakachetechete. Lembani lipoti. Abwana ali ndi udindo wokutetezani, ndipo Equality Act 2010 imaletsa kukusalani pa ma shifiti, malipiro kapena kukwezedwa.

Kodi ndiyenera kukhala ndi galimoto?

M'nyumba ya okalamba, ayi. Pa ntchito yoyenda m'makomo kunja kwa mizinda ikuluikulu, pafupifupi nthawi zonse inde. Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 kuchokera pamene mwayamba kukhala m'dzikomo, kenako muyenera kukhoza mayeso a ku Britain. Ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa imasinthidwa popanda mayeso. Inshulansi yanu ikhale yolola kuyendera ntchito, yomwe amaitcha business use.

Amuna amalembedwa?

Inde. Mwa antchito 10 alionse, pafupifupi 8 ndi akazi, ndipo amuna amafunidwa kwambiri, makamaka pa support work ndi posamalira abambo amene safuna kusambitsidwa ndi mkazi.

Nanga ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland?

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti kumeneko carer amalembetsa dzina lake: ku SSSC ku Scotland, ku Social Care Wales, ndi ku NISCC ku Northern Ireland. Ku Scotland m'malo mwa DBS kuli PVG, ndipo maphunziro ake ndi ma SVQ. Ku England care worker salembetsa paliponse.

Ngati ulendo wa ku UK watsekedwa, kodi ntchito yotereyi ilipo ku Malawi konkuno?

Ilipo, ngakhale maonekedwe ake ndi ena. Boma lililonse lili ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu, pansi pa unduna woona za jenda. Maofesala ake amatsata nkhani za ana ozunzidwa ndi amasiye pansi pa lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, amalemba malipoti a kukhothi la ana, amayendera malo osungirako ana, ndiponso amagwira nawo ntchito ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Magomero College ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa antchito a boma a mbali imeneyi kwa zaka zambiri. Digiri ya social work imapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku Catholic University ku Nguludi, ndi ku DMI St John the Baptist University ku Mangochi.

Kunja kwa boma kuli mabungwe othandiza ana, olumala ndi okalamba, komanso chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, monga Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Queen Elizabeth ku Blantyre. M'mizinda mabanja amene ana awo ali kuntchito kapena kunja ayamba kulemba anthu osamalira makolo awo pakhomo. Ngati mukulowa ntchito yotere, pemphani mgwirizano wolembedwa wonena maola, tsiku lopuma, ndi zomwe si ntchito yanu, chifukwa popanda pepala wosamalira agogo amapezeka akuchapanso zovala za nyumba yonse ndi kuphikira alendo pa malipiro omwewo.